Madzi Amene Anatunga mwa Mwana Wanga

Ndinadandaula koyamba pa Lachitatu la Phulusa chaka chino, phulusa lidakali pamphumi. Ndinaimba nambala yolembedwa pansi pa pepala la akafukufuku, foni inaitana mpaka inaduka yokha. Kachiwiri ndinadandaula Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka, ndipo ulendo umenewo ndinapita ndekha ndi miyendo yanga. Kachitatu kanali mu Juni, pa kalata. Kachinayi mu Ogasiti, pa foni. Aka ndi kachisanu.

Chimene ndikufuna ndi chimodzi. Mwana wanga wamkazi, chitsirizira, ali ndi pakati pa miyezi iwiri. Achipatala akuti mimba ikangopitirira miyezi itatu asokedwe khomo la chiberekero, apo ayi mwana adzatuluka masiku asanakwane monga anatulukira anzake atatu. Iye wakana. Akuti ayambe wamva chimene chinapezeka m'madzi amene anamutunga m'mimba mu Disembala chaka chatha, tsiku limene anamusoka koyamba. Amene anatunga madziwo sanatiuze kanthu mpaka lero.

Ndikudziwa kuti nkhani za mimba si za abambo. Kwathu kuno bambo amangouzidwa kuti kwabadwa mwana, kapena amaona azimayi akubwera chinunu n'kudziwa yekha. Koma ine ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya fodya zaka zambiri, ndipo pa banja pathu chilichonse cholembedwa chimafika kwa ine. Makadi a ubatizo, malipoti a kusukulu, mabuku a kuchipatala, zonse zili m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Nthawi imeneyo inali ndi loko, kiyi ndinkayenda naye pa lamba.

Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera pa miyezi isanu, zonse mofanana. Panalibe kupweteka kwenikweni. Iye amati ankangomva kulemera, kenako zatheka. Pa yachitatu, atapita kusikelo, anamuunika n'kupeza kuti khomo layamba kale kutseguka. Anatilembera kalata yopita ku chipatala china chachikulu, kutali ndi kuno. Mkamwini wanga ndi tenanti, ndipo mu Disembala tenanti sasiya munda, akasiya amapeza wina atalowa m'nyumba yake. Choncho tinapita atatu: mwanayo, mayi ake ngati gadiyani, ndi ine ngati woyankha Chingerezi.

Adokotala analankhula, namwino n'kumamasulira. Anati khomolo ndi lofooka, silitha kusunga katundu akayamba kulemera, ndiye alimanga ndi chingwe monga timangira kukamwa kwa thumba. Mawu akuti chingwe anali a namwinoyo. Ndinawalemba m'kope langa monga anawanenera, ndipo ndikupempha amene akuwerenga awasunge.

Adokotala atatuluka kunalowa mtsikana wovala malaya oyera, atanyamula fayilo. Anati iye ndi wa kafukufuku, sali pa ntchito ya m'wodimo.

"Agogo, tikupempha titungeko pang'ono madzi amene mwana amakhalamo m'mimba. Ndi jakisoni, timaona pa makina kuti tisamubaye."

"Madziwo akakuuzani chiyani?"

"Azimayi ena tikawasoka chingwe chimagwira mpaka mapeto. Ena sichigwira, chifukwa m'kati mumakhala mutayamba kale matenda osaoneka, opanda kutentha thupi. Tikuganiza kuti madziwo amaonetsa, monga utsi umaonetsa moto usanaoneke. Tikufuna tidziwe ngati zilidi choncho."

"Ndiye mukaona utsiwo simumusoka?"

"Amusokabe, agogo. Kuyezako kumachitika patsogolo. Panopa tikungophunzira."

Ndinapempha pepala. Linali la masamba anayi, mbali ina Chingerezi, mbali ina Chichewa. Ndinaliwerenga lonse, n'kubwerezanso. Mtsikanayo anayang'ana wotchi n'kuseka.

"Koma agogo mumawerenga ngati loya."

"Ndinali kalaliki, mwana wanga. Loya amadya zimene kalaliki waphika."

Sindinamizira munthu. Pepalalo linanena poyera kuti zotsatira sizisintha chithandizo cha tsiku limenelo. Koma pa tsamba lachitatu, ndime yomaliza, linanenanso kuti wotenga nawo mbali ali ndi ufulu wofunsa chimene chapezeka mwa iye, ndipo adzauzidwa. Ndinamuwerengera mwana wanga ndime imeneyo mokweza. Iye anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu, iye anasaina. Ine ndinasaina ngati mboni. Pa pepala lathu anamata kasitika ka nambala, kofanana ndi kamene anamata pa botolo. Botololo ndinaliona likutuluka m'kabokosi kozizira konga ka katemera. Madzi ake anali achikasu chotuwa, osakwana ndi masipuni atatu omwe.

Potitulutsa, adokotala anatsindika chinthu chimodzi. Mimba ikayamba kupweteka, kapena nsupa ikasweka, tithamangire chipatala chilichonse chapafupi, ndipo mawu oyamba akhale akuti ali ndi chingwe, chichotsedwe msanga, chifukwa mwana akamakankha chingwe chilipo khomo limang'ambika. Analemba zimenezi m'buku la kusikelo, m'Chingerezi, ndi inki yofiira. Titafika kunyumba bukulo ndinaliika m'sutikesi. Buku lake loyamba linadyedwa ndi chiswe ku esiteti, ndiye ndinati ili lokha ayi. Ndinkamupatsa tsiku la sikelo, madzulo n'kulilanda.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mayi ake anali atawoloka malire kupita kwa mayi wina wa ku Zambia, n'kubwera ndi mkuzi, chingwe cha m'chiuno chokhala ndi timitengo, chimene amati chimagwira mimba. Anamumanga mwanayo mobisa, podziwa kuti ine ndinali wapampando wa mphakati wa ku tchalitchi kwathu ndipo ndikanakana. Pambuyo pake anandiuza kuti anaganiza kuti zingwe ziwiri ziposa chimodzi.

Masabata asanu ndi limodzi anadutsa bwino. Mwanayo ankakhala kwathu, osatunga madzi, osasinja. Fodya wathu wochepa atakhwima ankakhala pa mkeka m'chigafa n'kumasoka masamba, chifukwa imeneyo ndi ntchito yokhala pansi. Ankaseka n'kumati, "Ine andisoka, inenso ndikusoka." Mimba inaposa pamene zinzake zinathera. Mwana ankagunda mpaka chitenje kugwedezeka.

Lachinayi lina kumapeto kwa Januwale ndinalawira ku Guilleme ku maliro a mnzanga amene tinkagwira naye ntchito. Polowa m'tchalitchi ndinazimitsa foni. Nsupa inasweka cha m'ma naini koloko, mwanayo ali m'chigafa. Mayi ake anathamangira ku sutikesi n'kupeza loko. Anandiuza kuti anatenga nkhwangwa, anaima nayo pamenepo, kenako anaibweza. Zaka zonse za ukwati wathu sanagwirepo sutikesiyo, ndipo tsiku limenelo anaopa ine kuposa china chilichonse. Anapempha ngolo kwa oyandikana nawo n'kunyamuka opanda buku.

Zimene zinachitika pa chipatala chaching'ono chimene anapitako sindinazione. Ndinazilemba sabata yomweyo kuchokera kwa mayi ake, ndipo mwanayo anavomera kuti zinali choncho. Namwino analipo mmodzi, azimayi ena awiri ali pa bedi, panja mzere wa ana a sikelo.

"Anamwino, mwanayu ali ndi chingwe. Anati tikangofika tinene, muchotse."

"Buku lili kuti?"

"Lili m'sutikesi. Kiyi apita naye abambo ake."

"Kodi amene ali ndi mimba ndi abambo akewo?"

Anamugoneka, n'kuvundukula chitenje, n'kupeza mkuzi uja.

"Ichi? Amayi inu, korona m'khosi, m'chiuno mwa mwana mwadzaza nkhuni! Mwamumwetsanso zakumudzi zofulumizitsa?"

"Ayi, sitinamumwetse."

Anatenga sizasi, anadula, anaponya m'ndowa.

"Ndachotsa chingwe chanucho. Dikirani panja."

Mayi ake anati, "Pali chinanso," koma anazinena chamumtima, manyazi atawagwira, azimayi a pa mabedi aja akuseka. Mwanayo anati, "Anandisoka." Namwino, ali kale pa bedi lina, anayankha kuti aliyense amene analowapo m'chipinda chimenecho anasokedwapo. Sanamupime m'kati. Ananena kuti nsupa ikasweka masiku asanakwane sapisa dzanja, kuopa kulowetsa matenda, ndipo ndinafunsa kwina, anandiuza kuti n'zoona. Anaimbira ambulansi. Ambulansi inali kwina.

Ine ndinayatsa foni titachoka kumanda, dzuwa lili paliwombo. Ndinakwera njinga yamoto mpaka kunyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinakweranso. Pofika thuu koloko inali itadutsa. Ndinagogoda pa chitseko chimene mwamuna salowa n'kupereka buku. Namwino anatsegula, anaona inki yofiira ija, n'kunena motsitsa, "Mayo ine." Anathamangira m'kati chitseko osatseka bwino. Ndinamva zitsulo zikugwa m'beseni. Ndinamva mwana wanga, ndipo sindilemba mmene ankamvekera.

Chingwe cha adokotala chinali chitang'amba kale mnofu. Ambulansi inafika cha m'ma folo. Mwana anabadwa atangofika ku chipatala chimene anawatumiza, wamwamuna, wokwana m'manja awiri a agogo ake. Anapuma mpaka masana a tsiku lotsatira. Anakamuika azimayi okhaokha monga mwa mwambo, popanda kulira, popanda bokosi. Ine ndi mkamwini wanga tinakhala pakhonde, aliyense kuyang'ana kwake. Wa mwana ameneyo ndilibe pepala lililonse. Sanabatizidwe, sanatchulidwe dzina, ndipo m'buku la mayi ake ali mu mzere umodzi.

Namwino uja sindinamudandaulire kwina kulikonse ndipo sindidzatero. M'bukumo analemba yekha nthawi imene mwanayo anafika ndi nthawi imene anachotsa chingwe, osachepetsa ngakhale mphindi. Munthu wolemba choonadi chomupweteka yekha ndimamudziwa, ndi osowa.

Pambuyo pake aliyense anatola mlandu wake. Asewere anga, mayi a mkamwini, anabwera kudzapepesa n'kunena pakhomo panga pomwe kuti munthu si thumba la chimanga kuti azisokedwa, ndipo ana awiri oyamba anapita osamung'amba mayi wawo. Mayi a kunyumba kuno anasiya kulandira Ukaristia. Amakhala kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo abambo mfumu atawafunsa anangoti sanakonzeke. Ine ndinachotsa loko pa sutikesi tsiku lomwe azimayi anabwerako kumanda. Palibe amene anandiuza kuti ndinalakwa. Ndikanakonda wina akananena.

Mwanayo sanatole mlandu wa wina aliyense. Atachira anandifunsa funso limodzi.

"Ababa, inu munachedwa ndi buku, amayi anandimanga mkuzi, anamwino anadula chosadula. Zonsezo zinadzavuta nsupa itasweka kale. Nanga inaswekeranji? Aja anatunga madzi aja anati adzadziwa."

Ndipo ndinaimba foni ija pa Lachitatu la Phulusa.

Pambuyo pa Pasaka ndinapita ndekha. Chipinda chimene mtsikana uja ankakhalamo ndinachipeza chodzaza mabedi othyoka ndi makatoni. Namwino wina wodutsa anati, "Aja? Anapita kale, pulojekiti inatha." Ananditumiza ku ofesi ya mafayilo, a mafayilo ananditumiza kwa mlembi, mlembi anali ku msonkhano. Ndinakhala pa benchi mpaka anabwera. Anali bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba.

"Madala, zimene zija ndi za kafukufuku. Sizibwera kwa munthu payekha."

Ndinatulutsa pepala, tsamba lachitatu, ndinaloza ndi chala.

"Aa! Mwasunga?"

"Ndasunga."

Anaitana mnzake wa ofesi yoyandikana. "Tabwera udzaone, madala awa ali ndi fayilo kuposa yathu." Anaseka onse awiri, osati monyoza kwenikweni, koma ngati anthu amene aona ng'ombe ikuwerenga nyuzi. Ndinadikira amalize. Kenako ndinapereka kalata yanga ndi kope lake, ndinapempha adinde zonse ziwiri. Anadinda. Chidindocho chilipo, tsiku likuwerengeka.

Mu Juni, nditalembanso, kunabwera yankho la mizere itatu. Linati nkhani yanga yatumizidwa kwa oyenera. Silinatchule kuti oyenerawo ndani, ndipo siginecha yake ndi yosawerengeka. Mu Ogasiti kunaimba bambo wina waulemu kwambiri, amene anati ankagwira nawo kafukufukuyo. Anati mabotolo anachotsedwa mayina kuti ateteze chinsinsi cha azimayi. Ndinati dzina sindikulifuna, ndili ndi nambala, ndipo ndinamuwerengera kawiri. Ndinamva akulemba. Anati ena mwa mabotolowo anatumizidwa kunja, ena ali mufiriji, afufuza andiimbiranso Lolemba. Ndinafunsa Lolemba liti. Anaseka pang'ono n'kuti likubwerali. Nambala imene anaimbirayo tsopano imangoti siikupezeka.

Chinsinsi cha mwana wanga achisunga bwino ndithu, mpaka mwini wake sangachione.

Mwezi watha ndi pamene mayi ake anandiuza kuti waimanso. Tinapita kwa adokotala a kuno, munthu wodekha, amene anawerenga buku lonse tsamba ndi tsamba. Anati ulendo uno asokedwe msanga khomo lisanayambe kutseguka, kuti kusoka kotero kumasiyana ndi kuja kothamangira, ndipo khomo long'ambika kale silingayembekezedwe kugwira lokha. Ndinawafunsa za madzi aja. Anati ngakhale yankho litabwera mawa, malangizo awo sangasinthe. Ndalemba zimenezi kuti wina asanene kuti ndinabisa.

Pobwerera ndinamuuza mwanayo kuti wamva yekha. Madzulo ake tinali pakhonde tikuswa mtedza wa mbewu.

"Adokotala anena zawo, ababa. Ine zanga ndi izi. Ngati madzi aja anali ndi matenda, chingwe chilibe mlandu, chinapeza zinthu zitaonongeka kale. Pamenepo ndipita, andisoke. Koma ngati anali oyera, ndiye kuti chingwe chinalephera chokha, n'kuding'amba pamwamba pake. Pamenepo sindibwererako."

"Nanga akapanda kuyankha?"

"Ndiye kuti sakudziwa. Osadziwa asandigwire."

"Mwana iwe, ukapanda kusokedwa ukudziwa chimene chichitike."

"Ndikudziwa kuposa inu. Ziwiri zija sindinakuwe. Ichi cha chingwe munamva nokha muli panja."

"Usamayankhe choncho bambo ako," anatero mayi ake.

"Amayi, inu ndiye khalani chete pa nkhani ya zingwe."

Mayi ake anadzuka n'kulowa m'nyumba. Mwanayo anapitiriza kuswa mtedza, misozi ikugwera m'lichero. Mkamwini wanga ndinalankhula naye Lamulungu lotsatira. Iye anavula chipewa, anati, "Abambo, ine ndinamukakamiza kale kamodzi. Sindingathenso."

Pali china chimene ndiyenera kulemba, ngakhale sichindikomera. Masabata awiri apitawo mayi a kunyumba kuno anandipeza ndikusanja mapepalawa n'kunena kuti, "Inu mumatha kalembedwe ka m'maofesi. Lembani nokha kuti madzi anali ndi matenda. Adziwa bwanji?" Ndinawakalipira. M'mawa mwake ndinakwera njinga kupita pa boma, pa sitolo ina imene amataipa makalata. Mawu ndinali nawo kale m'mutu, ndipo akanaoneka enieni kuposa yankho lija la mu Juni. Ndinaima pa mzere. Itakwana nthawi yanga, mtsikana wotaipa anati, "Agogo, tilembe chiyani?" Ndinamupatsa pepala la akafukufuku kuti angolijambula makope awiri, n'kubwerera.

Sindinabwerere chifukwa cha chiyero. Ndinaganiza kuti ndinamuwerengera kale mwanayo pepala limodzi, iye n'kusaina poona mutu wanga ukugwedezeka. Ndikamuwerengera lachiwiri, labodza, n'kusokedwa, zinthu n'kulakwikanso, ndiye kuti amene wamusoka ndi ine. Koma masiku akutha, ndipo sitolo ija sinasamuke. Sindikulonjeza kuti sabata yomaliza ikafika ndidzabwereranso chimanjamanja.

Ndikudziwanso kuti yankho loona likhoza kukhala lija loti madzi anali oyera, ndipo likatero ndiye kuti ndadzitengera ndekha chimene chidzamuletse kupita. Ndaliganizira zimenezo. Ndikulifunabe, chifukwa madziwo anali ake.

Choncho, kwa amene anayendetsa kafukufuku ameneyu, kwa amene anawaloleza kugwira ntchito m'chipatala chija, ndi kwa aliyense amene akusunga botolo la nambala imene ili pa kope ndaphatikizali, ndikupempha mwaulemu izi. Mundiuze molemba, m'Chichewa chimene mwini wake angawerenge yekha, ngati madziwo anayezedwa, ndipo ngati anayezedwa, ngati munapezeka zizindikiro za matenda kapena ayi. Ngati sanayezedwe, kapena anatayika, kapena kuyezako sikutha kuyankha funso limeneli, mulembe zomwezo poyera, ndipo wolembayo asaine dzina lowerengeka. Ngati lamulo lanu silikulola kuuza ine, bwerani kapena itanani mwini wake, ndidzamuperekeza n'kudikira panja. Malinga ndi adokotala, tatsala ndi masabata anayi. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe masabata amenewo asanathe.